MUTU 11: KUPHUNZITSA MTSUTSO: KODI DIGIRI IFUNIKA KUTI MUNTHU APAMBANE M'MOYO?

Malonje

Caka cina ndinapita kukaona wophunzira wathu amene anali kuyesera uphunzitsi pa sukulu ina ya kumudzi m'cigawo ca Kum'mawa. Phunziro linali kuyenda bwino kufikira pamene mnyamata wina wokhala kumbuyo anayamba kuodzera. Mphunzitsiyo anamudzutsa ndi mau awa: "Gona, udzakhala woocha makala monga atate ako. Anzako adzapita ku yunivesite." Ana onse anaseka. Mnyamatayo sanaseke, ndipo sanakwezenso dzanja kufikira belu linalira. Pambuyo pake ndinamva kwa mphunzitsi wamkulu kuti makala omwewo ndiwo anagula yunifomu ndi mabuku olembamo a mwanayo, ndi kuti anali kuodzera cifukwa anadzuka tambala woyamba kukathandiza atate ake kumanga matumba pa njinga.

Wophunzira wathuyo sanali wouma mtima. Anangobwereza mau amene iye mwini anakula akumva, akuti munthu wopanda digiri wataya moyo wake. Tsiku lomwelo, pa msika wapafupi, ndinamva mnyamata wogulitsa salaula akunena mau otsutsana ndi amenewo, akuti sukulu ndi kutaya nthawi, popeza msuweni wake ali ndi digiri koma akhala pakhomo caka cacitatu tsopano. Ana amene mudzaphunzitsa amamva mau onse awiriwa. M'mutu uno tidzaona mmene mungagwiritsire nchito funso limeneli pophunzitsa mtsutso ndi cimangirizo m'magiredi apamwamba a pulaimale, ndiponso mmene inu eni muyenera kuliyankhira.

Zolinga

Mukatha kuwerenga mutu uno muyenera kukhoza:
(a) kumasulira mau aakulu amene ali m'mutu wa mtsutso;
(b) kusiyanitsa cinthu cothandiza, cinthu cosalephera kukhalapo, ndi cinthu cokwanira;
(c) kukonza ndi kuyendetsa mtsutso m'kalasi ya ana ambiri;
(d) kutsogolera ana polemba cimangirizo ca mtsutso;
(e) kuyankha funsoli moona, popanda kunyoza mwana kapena kholo lake.

1. Cifukwa cosankhira mutu umenewu

Mtsutso uphunzitsa maluso anai pa nthawi imodzi: kumvetsera, kulankhula molongosoka, kusanja mfundo, ndi kulemekeza munthu amene maganizo ake asiyana ndi ako. Koma ana satsutsana bwino pa nkhani imene saidziwa. Mukawapatsa mutu wonena za maiko akutali, adzaloweza ziganizo zimene mwawalembera ndi kuzinena monga ndakatulo. Nkhani ya digiri ili m'nyumba zao. Amaimva pa mphasa madzulo, pamene makolo akambirana za mbuzi yoti igulitsidwe kuti mkulu wao apite ku koleji.

Pali cifukwa cina coposa cimeneci. Pa ana onse amene adzakhala pamaso panu, owerengeka okha ndiwo adzalowa m'yunivesite, pakuti malo ndi ocepa ndipo ndalama zake ndi zambiri. Ambiri adzakhala alimi, amisiri, amalonda, oyendetsa galimoto, anamwino ndi aphunzitsi. Mukawauza kuti wopanda digiri ndi wolephera, mwaweruza kalasi pafupifupi yonse mlandu usanazengedwe. Mukawauza kuti maphunziro alibe phindu, mwatseka njira ya mwana amene akanakhala dokotala. Mmera mpoyamba: cimene mwana amva kwa mphunzitsi wa ku pulaimale amayenda naco zaka zambiri.

2. Yambani ndi mau

Mitsutso yambiri imaonongeka cifukwa mbali ziwirizo zigwiritsa nchito mau amodzi koma matanthauzo osiyana. Inu ndinu aphunzitsi a cinenero, cotero nchito yanu yoyamba ndi kuika mau pa bolodi ndi kuwafufuza pamodzi ndi ana. M'mutu wathu muli mau atatu otere, ndipo pali liu lacinai limene libisala kumbuyo kwao.

Digiri. Ana ambiri amayesa kuti digiri ndi sukulu ndi cinthu cimodzi. Jambulani makwerero pa bolodi ndi kulemba pa sitepe iliyonse: kutsiriza pulaimale, satifiketi ya sekondale, satifiketi ya luso, dipuloma, digiri. Fotokozani kuti digiri iperekedwa ndi yunivesite pambuyo pa maphunziro a zaka zinai kapena kuposerapo. Mukapanda kutero, mtsutso udzasanduka funso lina, lakuti kodi sukulu ndi yabwino, ndipo pa funso limenelo palibe cotsutsana.

Kufunika. Mneni ameneyu acokera ku -funa. Kacigawo ka -ik- kasonyeza mkhalidwe umene cinthu cilimo, monga -ona apereka -oneka ndi -mva apereka -mveka. Komatu m'kalankhulidwe kathu kufunika kusenza matanthauzo awiri. Yerekezerani ziganizo izi:

Mcere ufunika m'ndiwo.
Ufa ufunika pophika nsima.

Ndiwo zopanda mcere sizikoma, komabe zimadyeka. Popanda ufa palibe nsima konse. M'ciganizo coyamba kufunika kutanthauza kuthandiza; m'caciwiri kutanthauza kuti popanda cinthuco palibe cingacitike. Tsono funsani ana funso lina: kodi munthu amene ali ndi ufa ali kale ndi nsima? Adzakuyankhani okha kuti pafunikanso madzi, moto, mthiko ndi dzanja lodziwa kuvundula. Ufa sulephera kukhalapo, koma wokha sukwanira. Motero mutu wathu uli ndi mafunso atatu m'kati mwake. Kodi digiri ithandiza? Kodi popanda iyo munthu sangapambane? Kodi iyo yokha ikwanira?

Kupambana. Timati timu yathu yapambana, kapena njovu ipambana nyama zonse kukula. M'liuli muli mpikisano: kuti wina apambane, wina agonje. Kodi moyo ndi mpikisano wotero? Pemphani ana achule mau ena oyandikana nalo, monga kulemera, kuchuka, kudzidalira, kukhala bwino ndi kulemekezeka, ndipo afotokoze kusiyana kwake. Apatseni nchito yokafunsa akulu kwao kuti munthu amene zinthu zamuyendera bwino amadziwika ndi ciani, popanda kuchula dzina la munthu. Adzabwera ndi mayankho monga nkhokwe yosatha cimanga, nyumba ya malata, ng'ombe zolimira, ana oleredwa bwino, ndi kuitanidwa pamene pali mlandu wofuna nzeru. Lembani onse pa bolodi. Ana adzaona kuti ena a mayankhowa agulidwa ndi ndalama ndipo ena sagulidwa.

Nchito. Mverani ciganizo ici cimene timamva kawirikawiri: "Atate sagwira nchito, angolima cabe." Munthu amene agwira khasu kucokera m'mamawa kufikira dzuwa litapendeka akuti sagwira nchito! Apa liu lakuti nchito lapanikizidwa kufikira litanthauza kulembedwa ndi kulandira malipiro pa mwezi. Sonyezani ana kupanikizika kumeneku, cifukwa amene aganiza motero adzayesa kuti mlimi aliyense ndi wolephera mtsutso usanayambe.

3. Zimene mphunzitsi ayenera kudziwa

Simungaweruze mfundo za ana ngati inu eni mulibe zoona zenizeni. Nazi zina zofunika kuzisunga.

Pamene dziko la Zambia linalandira ufulu mu 1964, pa anthu oposa mamiliyoni atatu panali nzika pafupifupi 100 zokha zokhala ndi digiri, ndipo munalibe yunivesite. University of Zambia inatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzira 312, ndipo anthu wamba m'midzi ndi m'matauni anasonkha zimene anali nazo kuti imangidwe. M'zaka zimenezo boma linali kufunafuna nzika zoti zilowe m'maudindo amene kale anali m'manja mwa azungu, kotero kuti wotuluka ndi digiri anali kupeza nchito ikumuyembekezera. Agogo a ana anu anaona zimenezi ndi maso ao. Akamati digiri ndiyo njira ya moyo, anena zimene zinali zoona pa nthawi yao.

Zinthu zinasintha. Mtengo wa mkuwa unagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ndipo m'zaka za m'ma 1990 makampani ambiri a boma anagulitsidwa kapena kutsekedwa. Zambia Airways inatsekedwa mu 1994, ndipo kugulitsa migodi ya ZCCM kunatha mu 2000. Anthu ambiri a mapepala abwino anacotsedwa nchito. Pa nthawi imodzimodziyo mayunivesite anali kuculuka: Copperbelt University mu 1987, Mulungushi University mu 2008, makoleji a aphunzitsi monga Kwame Nkrumah ndi Chalimbana anasandutsidwa mayunivesite, ndipo anthu ndi mipingo anatsegulanso ao. Kalembera wa 2022 anapeza kuti tili anthu oposa 19 miliyoni. M'caka comweco boma linalemba nchito aphunzitsi 30,496, koma amene anafunsira nchitoyo anali oposa 100,000. Ciwerengero cimeneci ndi ca nchito yanu yomwe, ndipo cisonyeza poyera kuti pepala lokha silikwanira.

Komabe pali makomo amene satseguka popanda digiri. Munthu sangakhale dokotala popanda digiri ya udokotala ndi kulembetsa ku Health Professions Council of Zambia. Loya ayenera kukhala ndi digiri ya malamulo, kenaka kukhoza mayeso a ku Zambia Institute of Advanced Legal Education. Wokonza mapulani a mlatho kapena wa mgodi ayeneranso kuphunzira uinjiniya. Malamulo amenewa ateteza miyoyo ya anthu, pakuti palibe amene angalole kung'ambidwa pamimba ndi munthu amene anaphunzira poonerera. Kwa mwana wofuna nchito zotere digiri ili monga ufa pa nsima. Muuzeninso kuti walira mvula walira matope: maphunzirowo atenga zaka zambiri, ndipo kucokera pa lamulo la 2016 limene linakhazikitsa Higher Education Loans and Scholarships Board, thandizo limene ophunzira ambiri alandira ku boma ndi ngongole yofunika kubweza.

Palinso njira zina zimene boma lomwe linakonza. Lamulo la 1998 linakhazikitsa TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a luso ndi malonda. Masukulu monga Chipata Trades Training Institute, Northern Technical College ku Ndola ndi Evelyn Hone College ku Lusaka aphunzitsa maluso osiyanasiyana opereka satifiketi ndi dipuloma, ndipo pali mayeso a luso amene ngakhale munthu wophunzirira pa nchito angathe kulemba. Mu 2022 boma linacotsa malipiro a sukulu kufikira kumapeto kwa sekondale m'masukulu ake, ndipo linaika m'thumba la Constituency Development Fund ndalama zolipirira acinyamata ofuna kuphunzira luso.

Funso lathu linafika ngakhale m'malamulo oyendetsera dziko. Mu 2010 msonkhano wochedwa National Constitutional Conference unavomereza ganizo lakuti wofuna kukhala mtsogoleri wa dziko akhale ndi digiri, koma ganizolo silinakhale lamulo. Malamulo amene anasinthidwa mu 2016 anaika satifiketi ya Giredi 12, kapena yolingana nayo, monga muyeso wocepetsetsa kwa wofuna utsogoleri wa dziko, uphungu kapena ukhansala.

Amene mwafikako ku Lusaka mudziwa kuti komboni ya Kalingalinga yayandikana ndi University of Zambia. M'mbali mwa mseu kumeneko muli amisiri oocherera zitsulo amene apanga mageti, zitseko ndi mafelemu a mazenera. Mphunzitsi wa pa yunivesite akamanga nyumba amapita kwa iwo, ndipo mwana wa mmisiriyo akadwala amapita kwa dokotala amene anaphunzira pa yunivesite yomweyo. Cithunzi cimeneci cingakuthandizeni potseka phunziro.

4. Mfundo za mbali ziwiri

Musalembere ana mfundo. Koma muyenera kudziwa pasadakhale zimene zingatuluke, kuti muthe kuthandiza gulu limene lasowa conena.

Mbali yovomereza inganene kuti:
(a) nchito zina siziloledwa kwa munthu wopanda digiri;
(b) m'boma ndi m'makampani aakulu malipiro ndi kukwezedwa pa udindo zimatsata mapepala;
(c) malipiro a pa mwezi sadalira mvula, pamene mlimi angataye zonse m'caka ca cilala monga ca 2024;
(d) dziko lopanda madokotala, mainjiniya ndi ofufuza za mbewu lidzadalira alendo nthawi zonse.

Mbali yotsutsa inganene kuti:
(a) pali anthu ambiri okhala bwino ndi olemekezeka amene sanapite ku yunivesite;
(b) pali okhala ndi digiri amene asowa nchito zaka zingapo;
(c) luso la manja liphunziridwa pa nthawi yocepa ndi ndalama zocepa, ndipo mmisiri angadzilembe yekha nchito ndi kulembanso ena;
(d) kukhulupirika, khama ndi kusunga ndalama sizicokera m'pepala.

Onani kuti mfundo zambiri za mbali yovomereza ziyankha funso lakuti kodi digiri ithandiza, pamene za mbali yotsutsa ziyankha mafunso ena awiri aja. Mwana amene adzazindikira zimenezi yekha wapindula koposa amene walankhula mokweza.

5. Kayendetsedwe ka phunziro

Nchito imeneyi ifuna maphunziro atatu a mphindi 40. Loyamba ndi la mau, monga tafotokozera m'cigawo 2, ndipo litha ndi nchito yokafunsa akulu. Laciwiri ndi la mtsutso weniweni. Lacitatu ndi la cimangirizo. Nayi ndondomeko ya phunziro laciwiri.

Zipangizo: bolodi, coko, wochi, ndi timapepala tolembedwa "ovomereza" kapena "otsutsa".

Sitepe 1 (mphindi 5). Bwerezani matanthauzo amene kalasi inagwirizana. Lembani mutu pa bolodi motere: "Munthu sangapambane m'moyo popanda digiri." Mutu wa mtsutso ukhale ciganizo conena, osati funso, kuti pakhale covomereza ndi cokana.

Sitepe 2 (mphindi 10). Gawani ana m'magulu a anthu asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu, anyamata ndi atsikana pamodzi. Gulu lililonse litole kapepala. Kutola kumeneku kuli ndi phindu lalikulu: mwana wa mphunzitsi angapezeke akuteteza mlimi, ndipo mwana wa mlimi akuteteza yunivesite, cotero palibe amene adzamva kuti banja lake ndilo lili pa mlandu. Gulu lipeze mfundo zitatu, ndipo mfundo iliyonse ikhale ndi citsanzo cake. Yendani pakati pa magulu mukumvetsera.

Sitepe 3 (mphindi 15). Sankhani olankhula atatu ku mbali iliyonse, kucokera m'magulu osiyana. Sankhaninso wapampando ndi wosunga nthawi. Aliyense alankhule mphindi ziwiri, mosinthana. Phunzitsani mau aulemu oyambira ndi otsutsira, monga "A wapampando, ndi inu nonse omvera," "Ndamva mfundo ya anzanga, koma ndisiyana nao pa cifukwa ici," ndi "Ndivomereza kuti ... komabe ...". Wolankhula waciwiri ndi wacitatu ayambe ndi kubwereza mwacidule zimene wa mbali ina wanena asanaziyankhe. Lamulo limeneli ndilo likakamiza ana kumvetsera.

Sitepe 4 (mphindi 6). Omvera afunse mafunso kudzera mwa wapampando. M'kalasi ya ana 70 kapena kuposerapo, apa ndi pamene ambiri apeza mwai wolankhula. Yambani ndi amene kawirikawiri sakweza dzanja.

Sitepe 5 (mphindi 4). Kalasi iweruze poyankha mafunso awiri: ndi mbali iti imene inapereka umboni womveka, ndipo ndani anayankha bwino mfundo za mnzake? Pomaliza funsani ngati pali amene wasintha maganizo, ndipo muyamikireni. Kusintha maganizo utamva umboni ndi cizindikiro ca nzeru.

Pa nthawi ya mtsutso musadule mwana pakamwa cifukwa walakwitsa liu kapena walowetsa liu la Cingerezi. Lembani zolakwazo m'buku lanu ndi kuzikonza pamodzi ndi kalasi yonse pambuyo pake, osachula amene analakwa.

6. Zolakwa zofala m'kaganizidwe

Citsanzo cimodzi. Mwana adzachula munthu wochuka ndi kuyesa kuti nkhani yatha. Angachule Esther Phiri, amene anasiya sukulu ali ku pulaimale, nagulitsa pa msika ku Lusaka, kenaka nakhala katswiri wa nkhonya wodziwika pa dziko lonse. Citsanzoco ndi coona, ndipo cikwanira kugwetsa mau akuti palibe angapambane popanda digiri. Koma sicikwanira kutsimikizira kuti aliyense wosiya sukulu adzapambana. Funsani kuti: pa atsikana onse amene anasiya sukulu caka comweco, ndi angati amene tiwadziwa maina?

Kudula nkhani pakati. Kenneth Kaunda anaphunzira ku Munali, nakhala mphunzitsi ku Lubwa, ndipo anatsogolera dziko lino kucokera mu 1964 kufikira mu 1991. Madigiri amene anamupatsa dzina lakuti Dokotala anali aulemu. Mbali yotsutsa idzakondwa naye. Koma munthu yemweyo ndiye anafulumiza kumanga University of Zambia nakhala Chancellor wake woyamba. Cimodzimodzinso William Kamkwamba wa ku Kasungu m'dziko la Malawi, tsidya lina la malire athu a kum'mawa. Iye anasiya sukulu pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 cifukwa cosowa ndalama, ndipo ali ndi zaka 14 anapanga makina oyendera mphepo opereka magetsi, pogwiritsa nchito zitsulo zotayidwa. Koma nzeruyo anaipeza m'buku la mu laibulale, cifukwa anali atadziwa kale kuwerenga. Ndipo mwai utapezeka anabwerera ku sukulu nalandira digiri ku Dartmouth College ku America mu 2014. Phunzitsani ana kunena nkhani yonse, ndi mbali yomwe imene siwathandiza.

Mwambi m'malo mwa umboni. Mwambi ukometsa mau, ndipo muyenera kulimbikitsa ana kuugwiritsa nchito. Koma pafupifupi mwambi uliwonse uli ndi mnzake woutsutsa. Wina adzati "Zengerezu analinda kwaukwau," mnzake nayankha kuti "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Mwambi ubwere pambuyo pa umboni, monga mcere pambuyo pa ndiwo.

Kunyoza munthu. Mau monga mbuli, kapena kuseka nchito ya kholo la mnzako, aletsedwe mtsutso usanayambe. Lamuloli likhudza mphunzitsi poyamba.

7. Kucokera pa mtsutso kupita ku cimangirizo

M'phunziro lacitatu mwana aliyense alembe maganizo ake enieni, mosasamala mbali imene anatola. Cimangirizo cikhale ndi ndime zinai. Ndime yoyamba imasulire mau ndi kunena mbali imene wolemba waima. Yaciwiri ipereke mfundo ziwiri ndi zitsanzo zake. Yacitatu inene mfundo yamphamvu ya mbali ina ndi kuiyankha. Yacinai imange nkhani. Lembani pa bolodi mau olumikizira awa: poyamba, kuonjezera apo, mwacitsanzo, komabe, ngakhale zili tero, cifukwa cake, pomaliza. Pocongera, perekani malikisi pa kasanjidwe ka mfundo, umboni, ndime yacitatu, kalembedwe ka mau ndi zizindikiro za m'kalembedwe. Musapereke malikisi cifukwa mwana wagwirizana ndi inu.

8. Akakufunsani maganizo anu

Mtsutso ukatha ana adzakufunsani kuti, "Nanga inu aphunzitsi mukuti bwanji?" Musathawe funsoli. Ine ndinaphunzira kufikira kunja kwa dziko lino, ndipo sindinganene kuti maphunzirowo sanandithandize. Anandipatsa nchito imene ndiikonda. Koma amai amene anandilera sanadziwe kulemba dzina lao, ndipo anadyetsa ndi kuphunzitsa ana asanu ndi awiri ndi munda wa nsawawa. Sindinaonepo muyeso woona umene ungaike ine pamwamba ndi iwo pansi.

Yankho limene ndikupatsani ndi ili. Digiri ndi mfungulo. Pali makomo amene satseguka popanda iyo, ndipo mwana wofuna kulowa m'makomo amenewo muyenera kumulimbikitsa ndi mtima wonse, makamaka mtsikana amene ena amuuza kuti yunivesite si ya akazi. Koma makomo a moyo ndi ambiri, ndipo mfunguloyo sitsegula onse. Ngakhale khomo litatseguka, wolowayo afunikabe khama ndi kukhulupirika. Cimene cifunika kwa mwana aliyense monga ufa pa nsima ndi kudziwa kuwerenga, kulemba, kuwerengera, kufunsa, ndi kugwira nchito imodzi bwino. Mlimi wosadziwa kuwerenga malangizo a pa botolo la mankhwala adzaononga munda wake, ndipo mmisiri wosadziwa kuwerengera adzagulitsa geti pa mtengo wocepa kuposa zitsulo zimene anagula. Dokotala nayenso anayamba ndi a, e, i, o, u pamaso pa mphunzitsi wa ku pulaimale.

Mau amenewa akhudza inunso. Ena a inu mudzapitiriza maphunziro kufikira digiri, ndipo mudzacita bwino kutero. Koma musayese kalasi yanu monga malo oyembekezerapo basi. Makolo a pa sukulu imene mudzatumizidwa adzakuweruzani ndi cinthu cimodzi: ngati mwana wao, amene anabwera kwa inu osadziwa kuwerenga, tsopano awawerengera kalata.

Zocita

1. Lembani ziganizo zinai za mneni kufunika, ziwiri pa tanthauzo lililonse.
2. Konzani dongosolo lonse la phunziro loyamba, la mau, la mphindi 40.
3. Pezani miyambi itatu imene mbali yovomereza ingagwiritse nchito ndi itatu ya mbali yotsutsa. Fotokozani cifukwa cake palibe umodzi umene utsimikizira mfundo pa wokha.
4. Werenganinso nkhani ya m'malonje. Lembani mau amene inu mukananena kwa mnyamata woodzera uja, ndi zimene mukanacita phunziro litatha.
5. M'magulu a anthu asanu ndi mmodzi, citani mtsutso umenewu inu eni motsata cigawo 5, ndipo mulembe zovuta zimene mwapeza.